Phulusa la Nyumba ya Elube

Sigele ankasefa phulusa pang'onopang'ono, akutola timiyala ndi zala. Chiletsereni boma kuotcha njerwa, nyumba zinkamangidwa ndi phulusa la malasha lochokera kopangira magetsi, ndipo ankapatsidwa okhawo amene akulowa m'banja. Matumba onse a phulusa limene ankasefalo anali a Elube, mng'ono wake.

"Achemwali, fulumirani!" anatero Elube akuseka. "Alamu anu ayamba kuumba mawa. Mukadzapeza wanu, nanenso ndidzakuseferani."

"Sigele, khoma long'aluka la kuchipinda kwakolo lidikirebe," anatero mayi awo.

Sigele anayang'ana manja a Elube onyezimira mafuta, kenako ake otuwa mbuu. Anakoka thumba limodzi n'kulikhalira.

"Amayi, ili lokha silichoka. Mvula ikamandinyowetsa pamphasa, sindinaimvepo ikufunsa ngati ndili pabanja."