Magalasi a Bambo Hynes

Pomwe dokotala wamaso ankazimitsa nyali, makiyi a galimoto ya bambo ake anali kale m'chikwama cha Loretta. Anawalanda m'mawa womwewo. Chimwalirireni mayi ake, bambo akewo, a Ambrose Hynes, anali atasokonezapo mabotolo a mankhwala, ndipo posachedwa anasochera m'tauni ya Gander momwemo, zikwangwani zili poyera. Munthu wotere kumusiya pachiwongolero m'nyengo ya chipale chofewa n'kumukumbira manda.

Mkuluyo ankadziwa kuti makiyi akapita, kanyumba kawo ka kudoko la asodzi kapitanso, kotsala n'kunyumba ya okalamba. Anangokhala ndwii pampando, chipewa m'manja. Magalasi awo akalekale anali atatengedwa kuti akayezedwe mphamvu pamakina.

Dokotala Pardy anawalitsa zilembo pakhoma. A Hynes anati sakuona bwino. Anawasendezera chipangizo kumaso n'kumasintha magalasi, awa oonera patali, awa oonera pafupi, akufunsa kuti abwinoko ndi ati. Iwo ankangoti onse n'chimodzimodzi. Ngakhale chilembo cha pamwamba, chachikulu ngati chikhatho, chinawakanika.

Loretta anachita manyazi pamaso pa dokotala, ndipo manyaziwo anasanduka ukali.

"Ababa, makani anuwa atikwana. Zaka zonsezi 'magalasi ndaiwala, tandiwerengera', kuwavutitsa amayi mpaka kumanda. Ingovomerani kuti maso anatha, basi."

A Hynes anazyolika, makutu ali psuu.

Dokotala anawayang'anitsitsa kanthawi. Kenaka anachotsa zilembo n'kuika timphete totseguka mbali imodzi, ndipo anawapempha kuti azingoloza ndi chala komwe kwatseguka. Chala chija chinayamba mwamantha, chinatsika mzere ndi mzere osaphonya, mpaka wapansi penipeni, pomwe Loretta, ndi magalasi ake omwe, ankangoona timadontho. Loretta anaganiza kuti nkhalambayo ikungolotera, ndipo mwayi wotere sungamubwezetse makiyi.

Potuluka, dokotala anaitanira Loretta pambali n'kumuika magalasi aja m'manja. Analankhula motsitsa mawu kuti mkuluyo asamve.

"Mayi, awa alibe mphamvu iliyonse, ndi galasi wamba ngati la pawindo. Patali bambo anu amaona kuposa inu ndi ine. Kodi kusukulu anapitako?"

Apa m'pamene Loretta anazindikira kuti iye, mayi wa imvi kale, funso limenelo sanawafunsepo bambo ake.