Mitengo Itatu ya a Vinko

"Mwazika dala, bambo," anatero Lovro, akuloza mitengo itatu yothinana pamalo otsetsereka kwambiri paphiripo.

A Vinko sanamuyang'ane n'komwe. Tsikulo, monga kochi wa dziko lawo, ndiwo anapatsidwa udindo wozika mitengo imene akatswiri a mpikisano wa slalomu amaizemba uku ndi uku potsetsereka pachipale chofewa.

"Ndilibe mwana wovala mbendera ya eni ake ine. Choka apa!"

Mazikidwe amenewa Lovro ankawadziwa bwino. Kuyambira ali wamng'ono ankagwa pamitengo yotereyi, bambo ake akumutukwana pamaso pa anzake, mpaka chaka chatha anathawira ku timu ya dziko loyandikana ndi lawo.

Nthawi yake itakwana, anadutsa pamenepo ngati palibe kanthu. Kenako kunabwera Dinko, mnyamata wa timu ya a Vinko, amene iwo ankamunyadira nyengo yonseyi. Anakola mwendo pamtengo wachiwiri n'kugubuduka mpaka muukonde wotchinga m'mbali mwa njira.

Lovro anawapeza bambo akewo m'munsi mwa phiri.

"Zaka khumi mukundigwetsa pamenepo," anatero. "Koma Dinko simunamugwetsepo ngakhale kamodzi. Mumamukonda kwambiri."