Mabokosi obiriwira a pa mota ya Alfredo

Panali munthu wina ku Tsangano, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ija, dzina lake Alfredo. Ankagulitsa kachewere, ndipo anali ndi mota, njinga yamoto yaikulu yakuda, imene ankaikonda kuposa mkazi wake Ermelinda. Nkhaniyi ndi yoona, funsani akuluakulu a kumeneko.

Motayo Alfredo ankaikongoletsa ngati mkwatibwi. Anaikweza chiwongolero, anaiika magalasi anayi, mpando anaukuta ndi chikopa cha mbuzi. Paipi ya utsi anaidula dala kuti izilira kwambiri. Akailiza, nkhuku za pamsika zinkabalalika. Chinatsala ndi zikwama za m'mbali zonyamuliramo katundu.

Mlamu wake Tomás, wosoka nsapato, anali atayamba kale kumusokera zikwama zachikopa. Koma tsiku lina pamsika panabwera munthu wachilendo ndi mabokosi awiri achitsulo, obiriwira, olembedwa manambala oyera. Anali mabokosi a zipolopolo a asilikali a boma, opanda kanthu m'kati. Alfredo atangowaona mtima unadumpha. Sanafunse n'komwe kumene achokera.

Tomás atawaona anagwira pakamwa.

"Alamu, izi si zikwama, ndi maliro. Zigawenga za m'tchire zikakuonani zidzati mumanyamulira asilikali zipolopolo. Dikirani zachikopa."

"Zachikopa zanuzo mvula imalowa, makoswe amadya. Awa ngakhale njovu ikhalepo saphwanyika."

"Ndiye apakeni penti yakuda."

"Ndipake? Alamu, kukongola kwake ndi kumeneku! Pa kontrole posecha magalimoto paja, asilikali azingondikwezera dzanja ngati komandanti."

Ermelinda nayenso anati, "Bambo a Mavuto, mverani achimwene." Iye anangoti akazi sadziwa za mota.

Anaboola mabokosi aja, nkuwamanga mbali zonse ziwiri ndi mabawuti onenepa. Poopa akuba, anatenga nyundo nkuphwanya nsonga za mabawutiwo kuti asadzamasukenso. Kumbukirani pamenepa.

Ndiye abale, mabokosiwo sanali a kachewere ayi. Alfredo anali ndi chibwenzi ku Chidzolomondo, mtsikana wina woyera bwino dzina lake Bertina. Tsangano yense ankadziwa, ngakhale a kwaya. Lachisanu lina analongedza zitenje za kapulana ziwiri zatsopano, sopo, mchere ndi kabotolo ka mafuta onunkhira, nkutseka ndi maloko. Kwa mkazi wake anati akukasaka msika wa kachewere ku Furancungo.

Dzuwa lili paliwombo, atalowa dera la Makanga, anakumana ndi amayi akuthamanga ndi ana kumbuyo, mitolo pamutu.

"Bambo, bwererani! Ali kumlatho uko, awotcha galimoto!"

Mayi wina anayang'ana mabokosi aja nkukuwa, "Mayo! Chotsani zimenezo, muphetsa tonse!"

Apo ndiye mantha anamugwira. Anatulutsa sipanala. Bawuti osatembenuka. Anamenya ndi mwala, anapondapo ndi phazi, mabokosi ali nganganga. Ntchito ya nyundo yake yomwe. Kubwerera sakanatha, gasolina wa m'thanki anali wongokwana kukafika kwa Bertina. Kuisiya mota m'tchire nkuthawa ndi amayi aja, mtima unakana. Anaganiza zodzera kanjira ka m'munda wa fodya kuti alambalale mlatho.

Koma paipi yodula ija inamveka kutali. Asanatuluke m'mundamo mfuti inalira, tayala lakutsogolo linaphulika, iye nkugwera uko, mwendo utapanikizika. Anthu a mfuti anatuluka m'fodya, nsanza zokhazokha, maso ofiira.

"Tamugwira wa zipolopolo!"

"Ayi mabwana, ine ndine wa kachewere!"

Anamumenya ndi thako la mfuti pakamwa, mano akutsogolo nkugwera m'dothi. Mkulu wawo anati, "Tsegula."

Anatsegula. Mkulu uja anatulutsa kapulana, ananunkhiza kabotolo kaja, onse nkufa ndi phwete. Alfredo nayenso anayesa kuseka, magazi ali chuchuchu, poganiza kuti wapulumuka. Mkulu uja anasiya kuseka.

"Ndiye kuti zipolopolo wakapereka kale. Wapereka kwa ndani? Ali kuti asilikaliwo?"

"Mabokosi ndinagula pamsika, ndikulumbira!"

"Munthu wamba ayenda ndi mabokosi a nkhondo, omangirira chonchi? Ukutiyesa ana?"

Anamugoneka chafufumimba nkumukwapula ndi tcheni cha mota yake yomwe mpaka malaya anamatirira kumsana. Anaika dzanja lake pamwamba pa bokosi nkuphwanya zala ndi mwala. Alfredo anatchula Tomás, anatchula Bertina, anatchula amayi ake, koma dzina la msilikali analibe loti apereke. Iwo anayesa kuzula mabokosiwo kuti awatenge, nawonso analephera. Ukali unakula. Anaboola thanki nkuyatsa mota iye akuona. Pomaliza mkulu uja anasolola mpeni nkumudula makutu onse awiri.

"Pita ukawaonetse anzakowo."

Alimi anamutola madzulo nkumunyamula pa machira mpaka kuchipatala cha ku Furancungo. Bertina atamva, sanapite ngakhale kukamuona. Amene anayenda ulendo wonse uja kukamuona ndi Ermelinda, pamodzi ndi Tomás. Anamupeza mutu wonse uli m'mabandeji. Namwino anati, "Pepani mayi, moyo ulipo, koma makutu sitinawapeze."

Ermelinda anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, nkuti, "Musavutike kuwasaka. Anali nawo zaka zonsezi, sanawagwiritsepo ntchito."

Alfredo anakalamba atavala chipewa chaubweya ngakhale mu Okutobala. Zikwama zachikopa zija Tomás anazimaliza, nkuzimanga pa njinga yake yakapalasa.

Phunziro: Abale anga, osamatengeka ndi chinthu chifukwa chikuoneka chaulemerero. Funsani kumene chachokera ndi chimene anthu adzakuyesani mukachinyamula. Achibale akakuchenjezani imani kaye, ndipo musamange chinthu moti inu nomwe mulephere kuchimasula. Azibambo a zibwenzi za kutali, nanunso mwamva. Tumizirani anzanu onse, makamaka anyamata a mota.