Choko cha a Dubey

Sulochana anawazindikira ali pa benchi yakumbuyo, pakati pa aphunzitsi a ku Gaya omwe iye ankawasula pa kaphunzitsidwe ka masamu. Anali a Dubey, aphunzitsi ake a paubwana, omwe kale ankamunjutitsa padzuwa atagwira makutu, amvekere mutu wa mtsikana ndi wosenzera mtsuko basi.

Anawayandikira, nawerama kukhudza mapazi awo mwaulemu. Podzuka anawapatsa choko.

"Aphunzitsi anga, tabwerani kubolodi. Tiuzeni chifukwa chake nambala sitingaigawe ndi ziro."

Mkuluyo anaima kutsogolo, thukuta lili kamukamu, anzake onse maso ali pa iye.

"Mwana wanga, ifetu tinkangoloweza."

Sulochana anakhala pansi, nkudzithirira tiyi.

"Musafulumire, aphunzitsi. Ine ndinkanjuta mpaka belu lilire. Tidikira."