Mabedi anayi a Davison Mphepo

Panali munthu wina ku Simlemba, m'boma la Kasungu, dzina lake Davison Mphepo, mlimi wa fodya wa bale. Pa 22 Seputembala 2008 anafesa nazale ya mabedi anayi kudambo. Kuyambira tsikulo, m'mawa ndi madzulo, ankatunga madzi pachitsime ndi makeni awiri n'kuthirira. Chinali chaka chake cha khumi ndi chinayi pa ntchitoyi, ndipo mtima unali utatopa kuposa mapewa.

Pa 11 Okutobala kunafika mlendo wovala suti, wodzitcha Mtumiki Masautso. Anampeza Davison akuthirira, nayang'ana ming'alu ya kuzidendene zake.

"Bambo, Mulungu anakulengerani makeni? Pa inu ndikuona maitanidwe. Tiyeni kuphiri, musale kudya masiku asanu ndi awiri, mukadzozedwe."

Davison anauza mkazi wake Elube, ndipo mkaziyo anati:

"Bambo a Olive, kuponi ya feteleza yatuluka m'dzina langa. Lolemba ndikaima pamzere, ndipo mukudziwa kuti mzere uja sutha tsiku limodzi. Mbande zili ndi masabata atatu okha. Azithirira ndani?"

"Iwe umangoganiza za fodya. Mulungu aona yekha."

A Kalekeni, mkulu wa mpingo amene ankayenda motsimphina, anamuchenjezanso: "Mwana wanga, kupemphera sindikukuletsa. Koma mvula isanagwe, mvula ya mbandezi ndiwe. Amene anakupatsa mapewawo ndi Mulungu yemweyo."

"Zaka zonsezi ndine wothirira basi, a Kalekeni. Nanenso ndikhaleko munthu."

Lolemba pa 13 Okutobala Davison anakwera phiri. Elube anapita kumsika wa feteleza, mtunda wautali, mwana ali kumsana. Anakhala pamzere masiku anayi, pakuti aliyense wochoka ankataya malo. Dzuwa la Okutobala silinadikire munthu.

Pa 20 Okutobala mtumiki uja anagwira Davison pamutu, nati, "Nthawi yanu sinakwane, mudzabwerenso chaka chamawa." Kenaka anakwera kabaza, ndipo ku Simlemba sanaonekenso.

Davison anatsika phiri ali ndi njala, nalunjika kudambo. Mabedi atatu anali atapserera, mbande zikufumbutuka m'manja ngati fodya wa chaka chatha. Bedi lachinayi lokha linali lobiriwira. Pambali pake panali a Kalekeni, keni m'dzanja limodzi, ndodo m'dzanja lina.

"Ndinazindikira mochedwa kuti amake Olive sanabwere. Mwendowu unandilola bedi limodzi lokha. Undikhululukire."

Elube anali atakhala pachulu. Sanakalipe. Anangoti, "Feteleza ndabwera naye, bambo a Olive. Tithira pa chiyani?"

Davison anakhala pansi. "Ndinapita kukamva Mulungu akundiitana. Sindinamve kanthu."

"Ankakuitanira kuno, kawiri pa tsiku," anatero a Kalekeni. "Unayesa kuti ndi chitsime chabe. Nyamuka, dzuwa lapendeka, ndipo ine mkono watha."

Davison analandira keni ija napita kuchitsime.

Chaka chimenecho anawokera gawo limodzi mwa magawo anayi a munda wake, ndipo chigafa sichinadzaze ngakhale theka. Amene anandiuza nkhaniyi akuti mpaka lero Davison amavula chipewa n'kupemphera asanamize keni m'madzi. Mapewa amamupwetekabe.

Phunziro: Ntchito imene ili m'manja mwanu lero, kaya ndi kuthirira, kusesa, kuima pamzere kapena kusamalira wodwala, musaiyese yachabe chifukwa yakutopetsani kapena palibe wokuyamikani. Nthawi zambiri maitanidwe a Mulungu amakhala pomwepo pamene china chingafe inu mutachoka. Samalani ndi mlendo wokuphunzitsani kunyoza ntchito yanu. Tumizani nkhaniyi kwa m'bale amene watopa, mwina mawa adzadzuka ndi mtima wina.