Loko ya pakhola la Wyson

"Rakuni akagwira nkhuku amasiya nthenga, amake Nthanda. Pano palibe nthenga. Wakuba ameneyu ali ndi manja, ndipo amagona m'basimenti mwathu muno."

Anatero Wyson kwa mkazi wake Hilda, kukhichini kwawo ku Oakville, kutsidya kwa nyanja. Ogona m'basimentimo, chipinda cha kunsi kwa nyumba, anali apongozi ake, mayi Anastazia, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzalera mwana.

Wyson ndi munthu wa pakompyuta, koma mtima wake wonse unali pankhuku kuseri kwa nyumba. Anayamba ndi zisanu ndi ziwiri, tsopano zinatsala zinayi. Azungu oyandikana nawo anamuuza kuti ndi rakuni, likongwe wa kuno, wonenepa ngati mwana wa nkhumba. Iye anakumba ngalande kuzungulira khola, n'kukwiriramo waya. Anachotsa waya wofewa wa kholalo n'kuika wolimba, wa maso ang'onoang'ono oti ngakhale chala sichilowa. Nkhuku inasowabe.

Ndiye anayamba kuganiza. Munthu wa sukulu akayamba kuganiza, m'nyumba musayembekeze mtendere. Anakumbukira kuti Lamlungu lililonse kukabwera alendo a kutchalitchi, patebulo pamakhala nkhuku yolimba, ya msuzi ngati ya kumudzi. Mayiwo ankati amagula ku Etobicoke, ulendo wa pabasi. Nanga mayi wa ku Dedza angalandire mlendo, nkhuku ikuyendayenda pabwalo, iye n'kukakwera basi?

"Ikasowanso ina, tikiti yawo yobwerera ku Dedza ndigula ndekha," anatero.

Hilda anatsikira m'basimenti nkhope itatupa.

"Amayi, mwadya nkhuku za abambo a Nthanda?"

"Ndi mano ati?"

"Alendo aja bwanji?"

"Iwe, tamvera za khola limenelija..."

"Ayi. Mwandichititsa manyazi kokwana. Mawu akuti nkhuku kapena khola ndisawamvenso pakamwa panu."

"Chabwino mwanawe," anatero mayiwo, n'kupitiriza kuluka chipewa cha mdzukulu.

Loweruka Wyson anapita kukagula zitsulo. Tsiku lonse anali pamakwerero. Anaphimba ndi waya pamwamba ponse pa bwalo la nkhuku. Mpata umene unali pansi pa malata, pakati pa denga ndi siling'i ya khola, anaukhomera thabwa kunja, misomali ngati akutseka bokosi la maliro. Pachitseko anakolekapo loko yaikulu ngati ya pagolosale, kiyi n'kumangirira pakhosi.

Mayi Anastazia anakhala pakhonde masana onse, atafunda jekete pamwamba pa chitenje, akuonerera. Anatsokomola kangapo. Wyson anamva, n'kumwetulira. Anadziwa kuti munthu akaona ndiwo zake zikutsekeredwa, kukhosi kumayabwa.

"Auzeni amayi kuti tsopano ngakhale nyerere izipempha kiyi kwa ine," anauza Hilda madzulo, amayiwo ali pomwepo.

Anagona tulo tabwino, kiyi ili pachifuwa.

M'mawa anapeza loko ili gwa, waya ali bwinobwino, pansi posakumbidwa. Anaitana banja lonse kuti lidzaone ntchito ya munthu wophunzira. Anatsekula chitseko.

Nthenga zimene ankazifuna zija anazipeza, zonse, za nkhuku zinayi. Siling'i inali itang'ambidwa. M'bokosi loikiramo mazira munakhala rakuni, mimba tantha, akumuyang'ana ngati munthu wochita lendi amene walipira kale.

Mayi Anastazia anatembenukira kwa mwana wawo. "Chilombochi chimagona kudengako chiyambire Pasaka. Dzulo ndinachiona chikulowa, bambowa n'kuchikhomera m'kati. Koma mpongozi salankhula ndi mkamwini pamaso, ndipo iwe unati ndisatchulenso khola."

Lero Hilda sakulankhula ndi Wyson. Wyson akuti iyenso wasiya kulankhula ndi apongozi ake, koma mayiwo mpaka pano sanazindikire.