Chipanda cha Tambala

Padangokhala Tambala ndi Nkhanga, m'chisanu chija cha mu Juni. Tambala adadwala chimfine, komabe adafulula thobwa naitana mbalame zonse kuti zidzamuthandize kukolola mapira.

Mwa mwambo, mwini thobwa ndiye amayamba kulawa kuti alendo amwe mosaopa. Tambala adalawa, nayetsemulira m'chipanda momwemo, n'kupatsira Nkhanga.

Nkhanga adabweza dzanja. "Achimwene, chimfine chonsechi osagona kunyumba?"

"Mwamuna sagonera chimfine! Landirani, achemwali."

"Pepani, ine ndimwa madzi m'chikho changa."

"Ha!" zidakuwa mbalame. "Kukana chipanda cha mnzako? Ukumuyesa mfiti?"

Chipanda chidazungulira onse, kulumpha Nkhanga yekha.

Patapita masiku atatu, kunja kudacha popanda kokoliriko. Nkhanga atatuluka adagwira pakamwa: nyumba iliyonse kunali kutsokomola kokhakokha, ndipo kumunda anyani anali atamaliza mapira otsala.

Nkhanga adaphika phala n'kuyenda nalo khomo ndi khomo. Atafika kwa Tambala, mwamuna uja adasuzumira m'bulangete nanong'ona ndi mawu osasa:

"Achemwali, munditsirire m'mbale yangayanga."

Nthano yanga yagona pomwepo.